KALIWO WA GALASI SAYERETSA UTSI

Mau olalikidwa pa msonkhano wa mpingo, pamaso pa akuru, makolo ndi aphunzitsi a m'midzi.

Lero ndifuna kunena nanu za kanthu kakang'ono, kamene munthu akhoza kukabisa m'thumba la malaya, koma kalikulowa m'nyumba zambiri ndi kukhetsa misozi ya amai. Kanthuko ndi kaliwo wa galasi, amene anyamata athu ena ayamba kudzipangira okha kuti asutire camba. Aphunzitsi ena ampeza kuseri kwa sukulu, amai ena ampeza pa tsindwi la gowero, ndipo ambiri a ife tikhoza kuona khosi la botolo losweka liri lakuda m'kati, ndi kulipitirira osadziwa nchito yace.

Mnyamata wogwidwa ndi kaliwo ameneyu sasowa coyankha, ndipo mau ace ali atatu. Ati, Galasi ndi loyera, ndipo madzi atsuka utsi, cotero palibe coipa cifika m'cifuwa. Atinso, Boma linalola camba m'caka ca 2020. Ndipo akapanikizidwa ati, Kodi si Mulungu amene analenga comera cimeneci? Atate wace pakumva mau awa apsa mtima natola ndodo, ndipo mnyamata acoka ali wotsimikiza kuti akuru alibe yankho lina koma ndodo. Cifukwa cace tiyenera ife kudziwa cinthuci koposa iwo amene acisuta, kuti tiwayankhe ndi coonadi. Ndipo mau amene ndifuna kuti mubwerere nao kwanu ndi awa: cotengera sicisanduliza cimene ciri m'kati mwace.

I. Kumene zinthuzi zinacokera.

Camba si mbeu ya makolo athu oyamba. Kwao kwa comeraci ndi ku Asia, ndipo cinafika ku gombe la kum'mawa kwa Africa ndi amalonda a pa nyanja yaikuru ya India, nicilowa kumtunda pang'ono pang'ono m'njira zimene munadzera nsaru ndi mikanda. Anthu ofukula zakale anapeza m'phanga lina la ku Ethiopia timiphika tiwiri ta kaliwo, ta zaka ngati 700, m'mene munali zotsalira za camba. David Livingstone, m'buku la maulendo ace la m'caka ca 1857, analemba za Batoka a m'mbali mwa Zambezi, kuti anali kusuta comera cimeneci, cimene kumeneko anacicha mutokwane, ndipo anaona kutsokomola kwao koopsa. Kuno kwathu agogo ena anali naye kaliwo wa madzi, wa cipanda ndi bango ndi kamphika ka dothi. Cotero mnyamata amene ayesa kuti waturukira nzeru yatsopano wangobveka cinthu cakale malaya atsopano.

Koma kaliwo wa galasi wafika kwa ana athu pa njira ziwiri. Njira yoyamba icokera ku South Africa, kumene ambiri a ife tiri ndi abale opita kukafuna nchito. M'midzi yaikuru ya kumeneko, monga Cape Town, Durban ndi Johannesburg, osauka aswa botolo natenga khosi lace kukhala kaliwo. Ambiri asanganiza camba ndi mankhwala ogonetsa ochedwa Mandrax, ndipo wosutayo agwa pansi, malobvu alikutayika, ngati wakufa. Kaliwo ameneyo anampatsa dzina la kaliwo woyera. Taonani dzina lokoma pa cinthu cogwetsa munthu m'pfumbi.

Njira yaciwiri icokera ku America. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, amisiri ena a kumeneko anayamba kuumba makaliwo a mawanga okongola, ndi galasi lapadera ndi lawi la moto waukali, nawagulitsa pa mtengo wokwera. M'caka ca 2003 Boma la kumeneko linagwira ambiri a ogulitsawo. Lero zithunzi za makaliwo amenewo zifika pa intaneti m'lamya ya m'manja ya mnyamata wa pamudzi, ndipo iye akhumbira. Koma galasi la amisiriwo alibe, moto wao alibe, maphunziro ao alibe. Ali nalo botolo lotola padzala basi.

II. Za galasi ndi madzi.

Tiyeni tiyese tsono mau oyamba aja, akuti galasi ndi loyera. Galasi lipangidwa ndi mcenga, ndi mcere wina wochedwa soda, ndi laimu. Izi azisungunula m'ng'anjo yotentha kufikira madigiri ngati 1,500, pamene madzi awira pa madigiri 100 okha. Nzeru ya kuuzira mpweya m'galasi losungunuka kuti lifufume anaiturukira amisiri a ku dera la Syria m'zaka 100 zotsiriza asanabadwe Ambuye wathu. Kuyambira pamenepo mmisiri ali yense adziwa lamulo limodzi, lakuti galasi likaumbidwa liyenera kuzizira pang'ono pang'ono m'ng'anjo yaciwiri. Likazizira msanga, likhala ndi kukokana kobisika m'kati mwace, ndipo tsiku lina lisweka lokha.

Galasi la botolo likatenthedwa lifutukuka. Mbali imodzi ikapsa ndi moto, inzace iri yozizira, mbali ziwirizo zikanganirana ndipo galasi ling'aluka. Amai amene anathirapo madzi owira m'tambula yozizira acidziwa cimeneci. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 Otto Schott, wa ku Jena m'dziko la Germany, anapeza kuti akathiramo boron galasi lipirira moto, ndipo m'caka ca 1915 a ku America anayamba kugulitsa mbale za galasi lotere, zochedwa Pyrex. Botolo la mowa kapena la zakumwa zozizira siliri la mtundu umenewo. Linapangidwira madzi ozizira. Mnyamata aliswa ndi mwala, naika mbali yakuthwa pa dzanja ndi pa milomo, nalitentha ndi moto. Zala ziceka, milomo iceka, tizidutswa tosaoneka tikhoza kulowa m'kamwa, ndipo zotsala azitaya m'chire m'mene ana ang'ono ayenda opanda nsapato.

Nanga madzi? Pano cherani khutu, aphunzitsi, pakuti apa ndi pamene ana athu anyengedwa koposa. Madzi acita zinthu ziwiri: aziziritsa utsi, ndipo agwira phulusa. Koma m'utsi wa camba muli zoipa zambiri zomwezo ziri m'utsi wa fodya. Muli cinthu cakuda comata ngati phula, ndipo cocuruka ca ico cipyola m'madzi. Mulinso mpweya woipa wochedwa carbon monoxide, womwewo umene upha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka, ndipo madzi saugwira konse. Amai a ku nyanja adziwa kuti cinangwa cowawa cibviikidwa masiku angapo cisanaleke ululu wace. Kodi utsi wopyola m'madzi odzala kapu imodzi, m'kuphethira kwa diso, udzasambitsidwa bwanji?

Ndipo pali coipa cina. Mulungu anaika mlonda pa khomo la cifuwa cathu, ndiye kuwawa kwa pakhosi ndi kutsokomola. Utsi wotentha ukafika, mlondayo apfuula kuti, Leka. Utsi wozizira udutsa mlonda ali m'tulo. Munthu aukoka wambiri, aulowetsa pansi peni peni pa mapapo, nausunga m'menemo. Cimene mnyamata acicha ubwino wa kaliwo wace ndico cimene cimpweteka kopambana. Akuru anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Komabe galasi liri ndi ubwino umodzi umene cipanda ca agogo cinalibe, ndiwo wakuti silibisa kanthu. Tengani kaliwo wosutiridwa sabata imodzi, mumuonetse ku dzuwa. Mudzaona m'kati mwace muli bii, ndi pfungo lonunkha. Mwaye umenewo ndi wotsalira m'njira cabe, wambiri unapitirira. Galasi akhoza kulitsuka ndi mcenga ndi sopo, koma ndani adzalowetsa dzanja m'cifuwa kukatsuka mapapo? Onjezani apa kuti kaliwo mmodzi azungulira pakamwa pa anyamata asanu kapena khumi, m'kanyumba kotseka mazenera kuopa akuru. Mmodzi wa iwo akakhala ndi cifuwa cacikuru, onse apuma mpweya wace. Nthenda imeneyi tiidziwa bwino m'midzi mwathu, ndipo manda ace tiwadziwa.

III. Cimene utsi ucita m'mutu.

Mphamvu yoledzeretsa ya camba iri m'cinthu cochedwa THC, cimene anacipatula Raphael Mechoulam ndi mnzace ku Israel m'caka ca 1964. Munthu akakoka utsi, THC ilowa m'mwazi kudzera m'mapapo, nifika ku ubongo mphindi zisanapite. Mtima uthamanga, maso afiira, nthawi ioneka ngati yaima, ndipo cimene munthu wamva tsopano apa aiwala. Manja ndi maso zicedwa kumverana. Lingalirani za woyendetsa minibasi yodzala anthu, kapena wa njinga yamoto wonyamula mai wapakati, kapena msodzi ali m'bwato usiku mwera ulikuomba.

Asing'anga a zipatala atiuza kuti ubongo wa munthu sutha kukhwima kufikira zaka ngati 25. Mwa anthu 10 osuta camba, mmodzi agwidwa ndi cilakolako cosatha kucileka. Koma mwa iwo oyamba akali ana a sukulu, ndi mmodzi mwa 6. Ku Sweden anawerenga anyamata oposa 45,000 olowa usilikari, nawatsata zaka 15, ndipo m'caka ca 1987 analengeza cimene anapeza: amene anali atasuta koposa ka 50 anadwala misala yochedwa schizophrenia ka 6 koposa osasuta. M'caka ca 2019 asing'anga ena, atafufuza m'malo 11 a ku Europe ndi Brazil, anapeza kuti wosuta tsiku ndi tsiku ali pafupi ndi kusokonezeka mutu katatu koposa wosasuta, ndipo wosuta camba camphamvu tsiku ndi tsiku, ngati kasanu. Tsono kumbukirani kuti camba ca m'dziko lino cachuka kufikira kutsidya kwa nyanja, ndi dzina lakuti Malawi Gold, cifukwa ca mphamvu yace.

Pano ndikucenjezani, abale, kuti musaonjeze pa coonadi. Musauze mnyamata kuti ali yense wosuta apenga. Iye adziwa anthu osuta zaka zambiri amene sanabvula zobvala pamsika, ndipo akakugwirani ndi bodza limodzi sadzamveranso mau anu ena onse. Muuzeni coona, kuti ambiri sapenga, koma ena apenga, makamaka oyamba ali ang'ono, ndi osuta masiku onse, ndi iwo amene m'mtundu mwao munali kale nthenda ya misala, ndipo palibe mnyamata adziwiratu kuti iye ali mbali iti. Muuzeninso kuti pali kutayika kwina kosacita phokoso. Mwana amene anali woyamba pa masamu ayamba kukhala kumbuyo. Ajomba Lolemba, ajomba Lacisanu. Munda wace umera thengo, nkhuku ya amace isowa, ndipo pofika zaka 30 akali kunena za zazikuru zimene adzacita mawa. Ameneyu sapita ku cipatala ca ku Zomba, koma nyumba yace yataya mzati.

IV. Za lamulo la Boma.

Mau aciwiri ndi akuti Boma linalola. Timve bwino cimene cinacitika. M'caka ca 1925 maiko ambiri anapangana ku Geneva kuletsa malonda osalongosoka a camba pakati pa maiko, ndipo m'caka ca 1961 anapangananso ku New York pangano lolimba koposa. M'dziko lathu lamulo la mankhwala oopsa laletsa camba kuyambira kale. M'mwezi wa February, caka ca 2020, Nyumba ya Malamulo inabvomereza lamulo latsopano lolola kulima camba ca mankhwala ndi ca nchito za m'mafakitale, ndipo linakhazikitsa bungwe lochedwa Cannabis Regulatory Authority lopereka zilolezo. Wolima ayenera kukhala ndi cilolezo, ndipo ayenera kutsata malamulo a bungwelo. Lamulolo silinatsegula khomo la kusuta. Mnyamata wopezeka ndi camba m'thumba akhoza kumangidwa ndi kuweruzidwa lero monga kale, ndipo mbiri ya ndende idzamtsata pofuna nchito.

Obwera kucokera ku South Africa adzati, Kumene tinali sagwira munthu. Ndi zoona kuti m'caka ca 2018 bwalo lalikuru la kumeneko linagamula kuti munthu wamkuru asaimbidwe mlandu posuta kwa yekha m'malo mwace. Koma ciweruzoco sicinalola ana, sicinalola malonda, ndipo siciwoloka malire ndi munthu pobwera kwao.

Ndi zoonanso kuti m'comeraci muli mankhwala. M'caka ca 2018 a ku America anabvomereza mankhwala ocokera m'camba, osaledzeretsa, othandiza ana a khunyu loopsa. Ticiyamike cimeneci. Koma mankhwalawo ayengedwa, ayesedwa pa muyeso, apatsidwa ndi dotolo kwa wodwala amene wamuyeza, ndipo amwedwa, satenthedwa m'khosi la botolo. M'zipatala mwathu muli morphine, wocokera m'duwa lina, amene atonthoza ululu wa odwala khansa. Kodi cifukwa ca ico tidzati ali yense adzigulire ndi kumwa pabwalo?

V. Za Mlengi wa comeraci.

Mau acitatu ndiwo atikhudza ife a mpingo. Inde, Mulungu analenga camba, ndipo sitinena kuti cinabzalidwa ndi Satana. M'tsinde la mtundu wina wa comeraci muturuka luzi lolimba, limene anthu apota nalo zingwe ndi kuomba nsaru kuyambira kale lomwe, ndipo m'njere zace muturuka mafuta. Koma Mulungu analenganso mtengo wa mwabvi. Makolo athu anasenda khungwa lace namwetsa anthu, ndipo osalakwa ambiri anafa. Kodi mlandu unali wa mtengo, kapena wa Mlengi? Iai, unali wa manja amene anausandutsa cikho ca imfa. Analenganso moto, umene uphika nsima ndi kutenthanso nkhokwe. Kuti cinthu cinalengedwa sikutiuza nchito yace. Nchitoyo tiifuna ndi nzeru imene tinapatsidwa.

Munthu anaikidwa pa dziko kuti alamulire zomera za m'munda. Tsono taonani mnyamata amene sakhoza kugona asanasute, sakhoza kudya asanasute, agulitsa khasu la atate wace kuti agule kamtolo ka masamba. Wolamulira ndani pamenepo, munthu kapena tsamba? Makolo athu anamangidwa goli ndi alendo natengedwa ku Nkhotakota kukaolotsedwa nyanja, ndipo analira. Mwana uyu alikudzisemera goli ndi manja ace, naliyesa ufulu.

VI. Cimene tiyenera kucita.

Coyamba ndinena kwa inu makolo. Mukapeza kaliwo, musayambe ndi ndodo, ndipo musapitikitse mwana pakhomo. Wopitikitsidwa apita kwa okhawo amene amlandira, ndiwo osuta anzace. Dikirani kufikira mutu wace utayera, mumuitane pamodzi ndi atsibweni ace, muike kaliwo pakati, mumfunse kuti anayamba liti, ndipo cimsautsa nciani. Ena asuta cifukwa ca anzao, ena cifukwa ca njala ndi kusowa nchito, ena cifukwa ca cisoni ca maliro cimene sanauza munthu. Mukadziwa muzu mudzadziwa pokumba. Dziwaninso kuti wosuta masiku onse akaleka, asowa tulo, akana cakudya, apsa mtima msanga, nalota zoopsa. Izi zikula m'sabata yoyamba, ndipo zambiri zicepa pakutha masabata awiri kapena atatu. Si ufiti, ndipo si cizindikilo cakuti thupi lace lifuna camba kuti likhale ndi moyo. Mpirireni masiku amenewo. Koma mukaona alikulankhula yekha, alikumva mau amene ena sawamva, alikuopa kuti abale amthira mankhwala m'nsima, musammange pamtengo, ndipo musataye miyezi ndi mbuzi zanu kwa oombeza. Pitani naye msanga ku cipatala ca Boma ca pafupi. Kuli cipatala ca nthenda za maganizo ku Zomba, ndipo ku Mzuzu a St John of God athandiza ogwidwa ndi mowa ndi camba. Wofika msanga acira bwino koposa wocedwa.

Caciwiri ndinena kwa inu aphunzitsi. Inu muona mwana maora ambiri koposa amace. Buku la maina likuuzani amene wayamba kujomba, ndipo maso ace akuuzani zotsala. Musamcititse manyazi pamaso pa sukulu yonse. Muitaneni pambali, ndipo pitani kwa makolo ace ndi mapazi anu. Phunzitsani ana onse zimene mwamva lero, za galasi, za madzi, za mlonda wa pakhosi, akali a zaka 10 kapena 12, asanamve ciphunzitso ca kudambo. M'mera mpoyamba. Ndipo taganizani ici: mwana amene anaona cithunzi kamodzi kokha, nakhoza kupanga cofanana naco ndi botolo la padzala, ali ndi maso a mmisiri ndi manja a mmisiri. Mphatsoyo ndi yeni yeni, ingosowa mwini woilondolera. Mperekeni kwa kalipentala, kwa woocerera zitsulo, kwa wokonza njinga, kwa woika magalasi m'mazenera. Manja amene apeza nchito yopatsa ulemu ndi ndarama saifuna kawiri kawiri nchito yobisala nayo m'chire.

Cacitatu ndinena kwa ife akuru a mpingo, ndipo mau awa ali olemera. Camba cimene ana athu asuta sicigwa ndi mvula. Cilimidwa pakati pa cimanga ndi m'mapiri, cimangidwa m'makungwa a nthoci, ndipo ena a olimawo akhala nafe pa mipando ya m'nyumba ino. Ndidziwa cimene adzanena, kuti fodya wagwa mtengo, feteleza wakwera, ndipo ana afuna ndarama za sukulu. Umphawi umenewo ndi woona, ndipo sitiuseka. Koma mbale wanga, ulipira sukulu ya mwana wako ndi mutu wa mwana wa mnzako. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo camba cosungidwa m'nkhokwe mwako, woyamba kucilawa ndi mwana wa m'nyumba mwako. Mpingo usangodzudzula mbale wotere, koma ukhale naye pansi kufuna njira yina, kapena mbeu yina, kapena thumba la kubwerekana, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndiponso mkuru amene adzudzula camba m'mawa, nabwera madzulo alikudzandira ndi kacasu, adziwe kuti ana aona. Adzamvera mapazi ace koposa pakamwa pace.

Potsiriza ndinena kwa inu anyamata, pakuti ndidziwa kuti mulipo, ndipo ena mwakhala kumbuyo kuti mucoke msanga. Sitinasonkhana kuti tikunyozeni. Ndinu amene mudzafolera nyumba zathu ndi kutiika m'manda, ndipo popanda inu mudzi uno ulibe mawa. Simuyenera kukhulupira mau anga okha. Pitani mukatenge kaliwo wanu kumene munambisa, mumyang'anire ku dzuwa, ndipo mudzifunse kumene kunapita mwaye wotsala. Werengani ndarama zimene mwatentha caka cino. Yesani kukhala masiku 30 osasuta. Mukakhoza, mwaona kuti moyo ulipo popanda camba. Mukalephera, mwadziwa amene ali mbuye pakati pa inu ndi tsamba, ndipo pamenepo musacite manyazi kudza kwa mphunzitsi, kwa mkuru wa mpingo, kapena kwa mbusa. Palibe adzakutengerani kwa apolisi cifukwa munapempha thandizo. Amene wagwa kawiri ayambenso kacitatu, ndipo ife tidzayamba naye.

Abale, nkhuyu zodya mwana zipota wamkuru. Katundu ameneyu ndi wa ife tonse. Bwererani ku midzi yanu ndi maso openya, ndi mau oona, ndi mtima wosataya munthu. Mulungu amene anatipatsa mpweya wa moyo m'mphuno mwathu atithandize kuusunga bwino, ife ndi ana athu. Amen.